A Kuzinyeru ndi Nkhuku Yopanda Nthutumba

"Ngati mwabwera kudzawerenga ziwalo, bambo, pitirirani ku chipatala cha ku Fingoe, kumeneko ndiye amawerenga ziwalo. Pano timadya!"

Awo ndi agogo anga, a Bonifasiyo, kuyankha mlendo. Osati mlendo wamba ayi. A Sakala, malume ake a Domingu, munthu amene anakwera mota, njinga yamoto ija, kuchokera ku Malowera, fumbi mpaka m'makutu, kudzakamba za ukwati wa Domingu ndi mlongo wanga Rozita. Mlandu wawo unali umodzi basi: anavundukula mbale ya nkhuku, n'kuyang'ana, n'kuyang'ananso, n'kufunsa mwaulemu ndithu kuti nthutumba ili kuti.

Amayi anagwira pakamwa. Rozita, amene ankasuzumira pa kazenera ka kuchipinda, anangozimiririka ngati wina wam'koka miyendo. Ngakhale nkhuku zamoyo pabwalo zinasiya kujompha, ndikulumbira.

Ndiime kaye pamenepo, chifukwa simukuwadziwa munthuyo.

Agogo atisiya masabata atatu apitawo. Pamaliro katekista anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ine ndinatsala pang'ono kugwera m'manda momwemo. Wofatsa? Munthu amene anakangana ndi mbuzi mpaka mbuziyo inasamuka mudzi? N'chifukwa chake ndati ndilembe ndekha. Desima, kalasi ya khumi, ndinamaliza, ntchito ndilibe, nthawi ndili nayo yodzaza nkhokwe ziwiri.

Sanali bambo a amayi, anali malume awo, mwini mbumba wathu. Koma kuno ku Chiputo mukafunsa a Bonifasiyo, anthu akuyang'anani ngati mwafunsa njira ya ku mwezi. Nenani a Kuzinyeru, ngakhale khanda lakubere likulozerani.

Nthawi ya nkhondo anathawira ku Zambia limodzi ndi aliyense. Akazi awo anatsala komweko m'manda, ndipo sanakwatirenso. Atabwerako anzawo anagwira makasu, iwo anakwera kamiyau, chilole chonyamula katundu, wa ku Tete. Kumeneko anapeza ntchito ya ulonda pa bwalo la anthu ogula mitengo. Patrau wake, ndiye kuti bwana, anali Mtchaina, koma osati wa ku China, wa ku dziko lina lotchedwa Malaysia. Musayerekeze kusokoneza ziwirizi pamaso pa agogo, mukanaphunzira jografiya mpaka dzuwa kulowa. Patrauyo anabwera ndi amayi ake, kagogo kafupi ngati mtondo, kamene agogo ankakatchula kuti Sinyora Wamkulu. Tsiku lina wophika anathawa, Sinyora anatuluka panja, anayang'ana manja a antchito onse mmodzimmodzi, n'kuloza mlonda. Basi, ulonda unathera pomwepo.

Sinyorayo sankadziwa Chipwitikizi, Chinyungwe, Chichewa, chilichonse. Agogo nawo chilankhulo chake sankamva ngakhale moni. Anaphunzitsana ndi chipande. Ukadula anyezi mokhuthala, chipande pa zala. Ukachedwa kuthira adyo, chipande. Ukachita bwino, sakumenya, ndiye kuyamika kwake kumeneko. Agogo ankationetsa chala chawo chapakati chokhota ngati ndodo ya ambulera, ati iyi ndiyo diploma yanga. Amayi amati chalacho chinathyoka ali mwana atagwa mu mtengo wa masau, koma amayi sadziwa kukometsa nkhani.

Mitengo itatha, patrau anapakira. Agogo anabwerera kumudzi ndi zinthu zitatu: chiwaya chakuya chakuda bii chimene mungasambitsiremo ana awiri, chimpeni chophwatalala cholemera ngati mwana wa ng'ombe, ndi kalendala yakale yokhala ndi chithunzi cha msewu wa ku mzinda wa Sinyora, wotchedwa Pinangi. Anamanga chisakasa m'mbali mwa msewu, pamene makamiyau amaima kuti injini zizizire, n'kuika mbaula yopangidwa ndi mkombero wa tayala la kamiyau.

Chiwayacho ndiye anali mkazi wawo wachiwiri. Sichinkakhudza sopo. Akatha kuphika ankathiramo madzi otentha, kupukuta ndi kamtolo ka timitengo ta nsungwi, kuumitsa pamoto, kudzoza mafuta. Ankati ukuda umenewo ndi zaka zonse zimene anaphika, ndipo ndi umene umakometsa ndiwo. Tsiku lina agogo ali ku gereja, amayi anachimvera chisoni chiwayacho. Anapita nacho kumtsinje, mchenga, phulusa, sopo, mpaka chinawala moti ukanatha kumeterapo ndevu. Anachiika pakhonde kuti malume awo akafika ayamike.

Agogo anafika, anaima, anavula chipewa ngati akudutsa maliro.

"Mwana wa mlongo wanga, ndinakulakwira chiyani?"

"Malume, chinali ndi litsiro la chikhalire!"

"Litsiro? Ndiye bwanji sunandikweche ndi ine yemwe, poti nanenso ndine wakuda komanso wachikhalire?"

Sabata yathunthu sanalankhule ndi amayi. Akafuna mchere ankauza galu kuti akauze mwini nyumba.

Nkhondo ina inali ya masamba. Amayi mpiru amauphika mpaka ugonje, ufewe, uiwale kuti unali mpiru. Agogo ankakoleza moto wofika kumitambo, mafuta pang'ono, adyo, mpiru phwaa, kutembenuza kanayi, waphula. Ukamatafuna umalira kuti khrrr ngati mbuzi ili m'dimba. Anthu ankati a Kuzinyeru amadyetsa anthu ndiwo zaziwisi. Iwo ankati ife timapha masamba kawiri, koyamba pothyola, kachiwiri mumphika. Akaona munthu akuthira soda mu therere ankatembenuka n'kuyang'ana kumbali ngati waona munthu akusamba.

Ndipo sankalola munthu kuyandikira akamaphika. Rozita anapempha kangapo kuti amuphunzitse. Yankho linali lakuti manja ake sanakhwime. Amayi, manja awo anazolowera zolakwika. Ine anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti pakamwa panga pamathamanga kuposa moto, ndidzapsereza dziko. Ankangoti nthawi ilipo, adzatiphunzitsa tikakhala anthu.

Chimene ankagulitsa kwambiri pachisakasa chinali mpunga wa koko, kokonati uja, iwo ankautchula kuti nasi lema. Mpunga wophikidwa mu mkaka wa koko ndi tsamba la balakati, udzu wonunkhira ndimu uja timathira mu tiyi. Pambali kapenta wokazinga mpaka kuti gwa, mtedza wokazinga, nkhaka zodula, theka la dzira, ndi tsabola wosinja ndi anyezi ndi bwemba ndi shuga pang'ono, wofiira ngati dothi la pachulu. Zonse pamodzi n'kukulunga m'tsamba la nthochi lowaula pamoto. Ankaseka kuti anthu a ku Malaysia anangoba zinthu za kwathu kuno ku Maravia: kapenta ndi wathu, mtedza wathu, nthochi zathu, bwemba wathu, iwo anangowonjeza nzeru. Koko yekha ndiye ankachita kuitanitsa kwa madalaivala ochokera ku Tete.

Kunena zoona, mpungawo unali wokoma moti ukadya umakhululukira adani ako onse. Koma anthu a m'mudzi ankati ukununkha mafuta odzola kumutu. Ankabwera kudzalawa, kunyoza, n'kupempha wina. Madalaivala ndiye ankagula zedi. Agogo sankawawerengera. Ankati dalaivala wa njala angadye ngakhale tayala lokazinga, kuyamika kwake n'kopanda ntchito. Iwo ankafuna mlendo weniweni, wokhala pampando, wosambitsidwa m'manja, adye n'kunena yekha kuti akulu, apa mwaphika.

Munthu akangonena kuti mawa ndikupita ku Tete, walakwa. Agogo ankamukhazika pansi. Ukafika ku sidadi, m'tauni muja, usakathamangire nkhuku yootcha ndi mbatata ngati mbuli. Ukafunse kumene kumadya Matchaina, osati kumene kuli chikwangwani chachikulu, koma kuseri kumene kwaima magalimoto awo. Ukaitanitse masa, tizingwe tija ta ufa wa tirigu, wokazinga pamoto waukulu, ukamve ngati akununkhira utsi wa chiwaya, akapanda kutero ubweze. Ukalawe timitanda tating'ono tokutira nyama ya nkhumba mkati. Mapazi a nkhuku usakawanyoze. Munthuyo mwina akupita kukagula feteleza ndi ndalama zoyezera, kapena kukaona wodwala, koma ankachoka ndi mndandanda wa zakudya wautali kuposa msewu wake. Ankakonda kunena kuti munthu wofika kwa eni n'kufunsa chakudya cha kwawo sanayende ulendo, wangosamutsa mimba.

Ukawapatsa mpata, ankadumpha Tete n'kukafika ku Pinangi. Amaloza kalendala ija ndi chimpeni. M'mawa, apa pakona, nasi lema. Masana ulowe kanjira aka, kuli mpunga wa nkhuku wa Matchaina. Dzuwa likapendeka, nyama yotunga pa timitengo yoviika mu msuzi wa mtedza, imeneyo ndi ya Amalayi, dzina lake sate. Kukazizira, nthiti za nkhumba zowiritsa ndi mizu ya mankhwala, koma zimenezo usakafunse kwa Amalayi, iwo nkhumba sadya, ungakachite manyazi. Ankalongosola ngati anabadwira pakona pomwepo. Munthu woti ngakhale ku Beira sanafikeko! Ndinawafunsapo kuti zonsezi anazimva bwanji, poti Sinyora sankalankhula chinenero cha anthu.

"Ankaloza pachithunzi, n'kuphika. Iwe ukufuna mawu a chiyani? Aphunzitsi ako analankhula zaka khumi, waphika chiyani?"

Tsopano tibwerere kwa a Sakala.

Uthenga utafika kuti akuchimuna akubwera, amayi anagwada pamaso pa malume awo. Kugwada kwenikweni, maondo pansi.

"Malume, chonde, tsiku limodzi lokha. Ndiphike ine. Nkhuku ya tomato, monga anthu onse."

"Nkhoswe ya Rozita ndani?"

"Ndinu, malume."

"Mwini mbumba ndani?"

"Ndinu."

"Ndiye alendo akewo ndi alendo a ndani?"

Nkhani inathera pomwepo. Mwezi wathunthu agogo ankakonzekera ngati kukubwera bishopu. Anasankha thadzi limodzi n'kulitsekera m'chitatanga, kulidyetsa madeya ndi mtedza mpaka linkayenda ngati mkazi wa administradori, bwanamkubwa wa boma. Anaitanitsa koko, jenjibre, muzu uja ena amati jinja, ndi kabotolo ka msuzi wakuda wa soya kuchokera ku Tete. Anati aphika mpunga wa nkhuku, chakudya chimene Sinyora ankaphikira alendo aulemu okhaokha, chimene ngakhale madalaivala anali asanachilawepo.

Ine ndinaonera patali, chifukwa kuyandikira kunali kufuna imfa. Nkhukuyo sanaidule ayi. Anaikwecha ndi mchere mpaka khungu linasalala ngati tsaya la khanda, anaika jenjibre ndi anyezi m'mimba, n'kuiviika yathunthu m'madzi otentha osabwata. Ankayang'anira madziwo ngati wapolisi, akangofuna kubwata, amachotsa nkhuni. Itakwana nthawi anaivuula n'kuiponya mu mtsuko wa madzi ozizira, ati kuti khungu ligwire. Mafuta ake anakazingira mpunga ndi adyo, n'kuuphika mu msuzi wa nkhuku yomweyo. Fungo lake linafika ku Zambia, anthu a kumeneko akhoza kuchitira umboni.

Kenako chimpeni. Kha, kha, kha, modutsa mafupa, tizidutswa tofanana ngati anachita kuyeza ndi regwa ya kusukulu. Anatiyala m'mbale mwadongosolo, nkhaka m'mbali, msuzi wakuda pamwamba. Nthutumba anaidula mopyapyala ngati zikhadabo, n'kuikazinga ndi mpiru m'mbale ina. Anawonjezanso mitolo inayi ya nasi lema, ati kamba wa alendo pobwerera, poti Malowera ndi kutali.

Amayi ataona mbaleyo anangoti, "Mayo ine."

Chifukwa aliyense kuno amadziwa. Nkhuku ya mlendo imadulidwa m'mfundo, kuti mlendo akavundukula aone yekha: ntchafu ziwiri, mapiko awiri, nganga, msana, khosi, ndipo pamwamba pa zonse nthutumba yathunthu. Ndiye kuti mwamuphera nkhuku yake, yonse, simunamupatse zotsala za wina. Nthutumba ikasowa, mlendo ali ndi ufulu wobweza mbale. Agogo ankadziwa zimenezi kuposa ife tonse. Anangoganiza kuti fungo lidzapambana mwambo.

A Sakala anafika ndi mwana wa mlongo wawo, Jairosi, mng'ono wake wa Domingu, amene ankayendetsa mota. Jairosi ndi mnzanga, tinkakhala desiki imodzi ku Fingoe. Moni anayenda bwino, "Muli tyani, muli tyani," Chinsenga chawo chija. Nkhani ya ukwati inayamba bwino. Amayi anabweretsa madzi, alendo anasamba m'manja. Mbale inavundukulidwa. Funso la nthutumba linafunsidwa. Yankho lake mwalimva kale.

A Sakala sanakweze mawu. Ndi anthu aja akakwiya amalankhula pang'onopang'ono ngati wailesi yotha mabatire.

"Akulu, ine ndafunsa chabe. Kwathu nkhuku ya mlendo imabwera ndi nthutumba."

"Ilipo! Iyo mu mpirumo."

A Sakala anasuzumira mu mpiru. "Utu? Lomba ine ndidziwa bwanji kuti ndi ya nkhuku ino? Ndipo ntchafu zili kuti? Ndikuona tizidutswa ngati mwagawira ana a sukulu."

"Zonse zili momwemo. Lawani kaye."

Anatola kachidutswa kamodzi, n'kukatembenuza. Pakati pa fupa panali pofiirira.

"Ndi magazi awa."

"Si magazi, ndi mafuta a m'fupa. Nkhuku yophika bwino imatero. Inu munazolowera yowiritsa mpaka isanduke chingwe."

"Yozizira, yoyera ngati yafa yokha, yamagazi, yopanda nthutumba." A Sakala ankawerenga ndi zala. "Akulu, ngati simukufuna mwana wathu, pakamwa mulipo. Simukanavutitsa nkhuku."

"Mwana wanu ndikumufuna! N'chifukwa chake ndakuphikirani chakudya cha mabwana!"

"Ine si bwana. Ndine nkhoswe."

Anaitanitsa madzi. Anasambanso m'manja, manja oti sanadye kanthu, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, aliyense akuona. Ine ndaonapo anthu akumenyana ndi mipini, koma sindinaonepo chipongwe chachikulu ngati kusamba m'manja kumene kuja. Anaimirira, anatsanzika amayi okha, n'kuuza Jairosi kuti alize mota.

Agogo anathamangira kuchisakasa, n'kubwera ndi mitolo inayi ija m'kathumba. Anaimanga okha kumbuyo kwa mota ndi lamba wa chubu.

"Mwanditukwana, chabwino. Koma pakhomo pano munthu sachoka ndi njala kupita ku Malowera."

"Mangani," a Sakala anatero osatembenuka. "Agalu a kwathu sasankha."

Jairosi sanandiyang'ane n'komwe. Mota inapita.

Madzulo ake nkhuku ija tinadya awiri, ine ndi agogo. Amayi ndi Rozita anakana. Ndikuuzeni, nyama imene ija inkasungunuka pa lilime, mpunga wake ukanaudya wopanda ndiwo chaka chathunthu. Ndinawauza agogo choncho. Anati ine ndine wapakhomo, ndiponso wabodza wodziwika, mawu anga sathandiza.

Rozita analira mpaka tinkayanika mphasa tsiku lililonse. Domingu ankaimba foni mobisa, ati malume akana, akuti banja limenelo ndi lonyoza. Sabata, masabata, mwezi. Tsiku lina amayi, amene chibadwire sanakwezepo mawu kwa malume awo, anaima pakhomo pa chisakasa madalaivala ali pomwepo.

"Malume, Sinyora wanuyo anapita kwawo. Sakukumbukaninso. Uyu akulira m'nyumbamu ndiye wanu. Mwasinthanitsa mwana ndi mbale ya mpunga!"

Ndinadikira bomba. Silinaphulike. Agogo anangopukuta chimpeni, n'kuchiika pansi.

M'mawa mwake anavala jekete la ku gereja, anagwira tambala wamkulu kuposa onse, wamoyo, anamumanga pa njinga. Mvula inali itayamba, msewu wa ku Malowera uli phala lokhalokha. Munthu wa zaka zimene zija, njinga yake yopanda mabuleki. Amayi anati dikirani kamiyau, iwo anati kamiyau sanalakwire munthu. Anatha masiku anayi. Anabwera matope mpaka m'nsidze, nsapato imodzi itatsala mumtsinje.

Zimene anakanena kumeneko tinazimva kwa Domingu. Ati anafika, anakhala pansi osati pampando, anapereka tambala n'kunena kuti nayi nkhuku yanu, ndabwera nayo yamoyo kuti muwerenge nokha, nthutumba ili m'kati, sindinaikhudze. Anthu anafuna kuseka koma anaopa. A Sakala analandira. Anaika lamulo limodzi: pa ukwati, a Kuzinyeru asayandikire moto.

Ndipo sanayandikire. Ukwati unachitika chaka chathachi, mu gereja, zonse bwinobwino. Agogo anakhala kutsogolo ndi jekete lawo, manja pa maondo, ngati mlendo pa mbumba yawo yomwe. Azimayi ankawiritsa nkhuku kuseri mpaka fungo la tomato wopserera linkafika pamene anakhalapo. Ndinaona mphuno yawo ikugwedera, koma sanatembenuke. Anawapatsa mbale, nthutumba yathunthu pamwamba. Anadya yonse. Rozita atabwera kudzagwada, anamugwira pamutu n'kumuuza kuti akaphike monga amafunira eni ake kumeneko.

Kuchokera pamenepo mpunga wa nkhuku sanauphikenso. Nasi lema ankaphikabe wa madalaivala, koma mlendo akafika pakhomo ankangoitana amayi kuti mwana wanga, ona zochita. Za Pinangi anachepetsa. Anthu opita ku Tete anayamba kudutsa pachisakasa mosaopa.

Rozita atabwera kudzacheza koyamba, agogo anadikira amayi apite kumadzi. Ine ndinali pakhonde, ndinamva.

"Iwe, kodi mitolo ija anapatsadi agalu?"

"Sindikudziwa, agogo. Kumeneko sakamba."

"Sunafunse?"

"Ndingafunse bwanji apongozi zoterozo?"

Anagwedeza mutu. Atabweranso pa Pasika anamufunsanso funso lomwelo, ngati kuti koyamba kaja sanafunse. Ine ndinamufunsapo Jairosi pa foni, anangoti redi ya foni ikuvuta, n'kudula.

Matenda awo sanatenge nthawi. Chifuwa, kutupa miyendo, sabata imodzi ku chipatala cha ku Fingoe, kumene kuja amawerenga ziwalo. Ati anakangana ndi wophika wa kumeneko za phala mpaka tsiku lomaliza. Mtembo wawo unabwera pa kamiyau wa dalaivala wina amene ankadya pachisakasa, ndipo dalaivalayo anakana kulandira kanthu. Pamaliro tinaphika nyemba ndi kabichi wofewa ngati nsanza. A Sakala anabwera, anakhala ndi akuluakulu anzawo, anapepesa monga mwa mwambo, n'kupita.

Chisakasa chikadalipo. Udzu wa padenga wayamba kuthothoka mbali ya kumsewu. Mu mbaula muja nkhuku ina yaikiramo mazira asanu, palibe akuichotsa. Chitsa chimene ankadulirapo nyama chili ndi dzenje pakati, mvula ikagwa mumadikha madzi, mpheta zimamweramo. Chiwaya chili pa msomali pake. Chayamba dzimbiri m'mphepete, ndipo amayi akadutsa amachiyang'ana koma sachikhudza. Balakati kuseri wakula mpaka m'chiuno. Kampando kokwechera koko ana akusewera nako ngati mota. Madalaivala ena sanamve, amafika n'kuliza hutala kawiri monga kale, kudikira pang'ono, n'kupitirira.

Dzana ndinajambula chisakasacho. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa gereja pamene timagwira redi, n'kuposita chithunzicho ndi mawu awa: "Pano pankaphika munthu woposa ophika onse a m'Maravia, Tete, mpaka Malaysia. Anadyetsa madalaivala mamiliyoni asanu ndi awiri. Mlendo waulemu anaphikira mmodzi yekha, ndipo chakudyacho chinadyedwa ndi agalu a ku Malowera. Agalu amenewo ndikuwapatsa ulemu, ndi okhawo ophunzira kumeneko. Gonani bwino a Kuzinyeru."

Anthu anaika timitima ndi tinkhope tolira. Amayi atamva anati ndifufute ndisanaphe ukwati kachiwiri. Ndinakweranso pachulu dzulo kuti ndifufutedi, n'kupeza Jairosi wandilembera kumbali:

"Epa mlamu, pepa za agogo. Koma fufuta zimenezo, agalu athu ukuwanamizira. Tsiku lija titangowoloka kamtsinje kachiwiri malume anati imitsa mota. Anati tione zimene agalu akadye. Anamasula mtolo umodzi, ananunkhiza, anadya. Wachiwiri. Wachitatu. Wachinayi unali wanga, anandisiyira theka la dzira basi. Tsabola uja anawatulutsa thukuta mpaka anavula jekete, tsamba ananyambita, kapenta wogwera pa buluku anatola. Atatha anati ndikangouza munthu, mota yawo sindidzaigwiranso. Agogo ako atabwera ndi tambala, malume anandituma mobisa ndikasuzumire m'thumba la panjinga ngati abweretsa ina. Munalibe. Lero ndawawerengera zimene walembazi, zonse, ndi za agalu zomwe. Kenako ati ndikufunse, kodi kumeneko alipo amene anaphunzira kaphikidwe kake?"